Magazi a Anthu Awiri m'Foni Imodzi

Lachinayi, 10 Okutobala

Kope ili andibweretsera a Msowoya, amuna anga. Akuti ndizilembamo manambala a shuga, poti foni yanga apita nayo kunyumba. M'chipatala, akutero iwo, zinthu zimamera miyendo. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo amakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa chimakhala pansi n'kumvera. Manambalawo ndilemba, komanso zina zimene sanandituma.

Ndinagwa dzulo masana ku kwaya, kutchalitchi kwathu ku Area 25. Akuti tinali pa ndime yachiwiri. Ine kugwako sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuti mawu a azimayi anayamba kupita kutali, ngati akuimbira tsidya la mtsinje, kenako ndinapezeka ndili m'shedi ya fodya ku Kanengo, kumene ndinagwira ntchito yosankha masamba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masamba onse anali achikasu, akuyandama m'mwamba popanda wowagwira. Kunali kokoma, ndinene zoona. Sindinkafuna kubwerako.

Anandibweza ndi dripi. Shuga pofika pano: 2.1, wotsikitsitsa. Litatha botolo loyamba: 5.8. Lero m'mawa: 4.4.

Ndili mu wodi ya amayi, bedi lachiwiri kuchokera pa windo. Panja pali jakaranda, maluwa ake akugwa limodzilimodzi ngakhale kulibe mphepo.

Amene akundiona ndi Dokotala Zulaikha, mtsikana wochepa thupi, wovala mpango wobiriwira. Anatsegula kompyuta yake ya m'manja n'kuona manambala onse amene foni yanga yakhala ikutumiza ku kiliniki.

"Mayi Msowoya, shuga wanu ali ngati mano a sowo. Lero 6, mawa 22, mkuja 7. Zotere sindikuzimvetsa."

"Ndi ukalamba, adokotala."

Anamwetulira, koma maso ake sanamwetulire nawo.

Theka la manambala amenewo si anga. Ndalemba tsopano.

Lachisanu, 11 Okutobala

M'mawa 3.2. Thukuta thupi lonse. Dripi ina.

Ayimitsa timapiritsi toyera totsitsa shuga tija amati gilibeni. Mapiritsi enawo, a metifomini, ayimitsanso mpaka aone impso. Atenga magazi mabotolo atatu.

Ndagona pafupifupi tsiku lonse. Denga limayenda pang'onopang'ono, kulowera ku mpoto. Ndinalisiya lipite.

Loweruka, 12 Okutobala

M'mawa 6.1, masana 7.9. Mphamvu zabwerako. Phala limabwera 7 koloko, lopanda shuga kwa ife a mzere wa ku windo. Likukoma ngati chilango.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Maness a ku Njewa, alimi a kabichi, a msinkhu wanga. Phazi lawo lamanzere lili m'bandeji, koma pakamwa pali bwinobwino. "Inu ndinu mayi wa foni uja? Akuti shuga wanu amalemberana makalata ndi adokotala. Wanga ndi wosaphunzira, anangolowa osagogoda."

Ndilembe mmene zinayambira, mwina pepala lindithandiza kuganiza.

Mu Meyi, ku kiliniki ya shuga kunabwera bungwe lina. Linkapereka kamakina koyezera, timapepala take makumi atatu pa mwezi, ndi apu ya pa foni. Ukabaya chala n'kudonthezera magazi, kamakinako kamanong'oneza foni kokha, foni n'kukauza anamwino. Nambala yabwino imabiriwira, yoipa imafiira. Koma ankalemba okhawo okhala ndi foni ya tachi. Ine ndili nayo, anandigulira mwana wanga Vitu amene ali ku Mzuzu. Pa benchi tinalipo oposa makumi anayi, olembedwa tinali asanu ndi awiri. Enawo anatulutsa timafoni tawo ta mabatani, n'kutiyang'ana, n'kutibwezeranso pa mfundo ya chitenje.

A Edna pa benchipo panalibe n'komwe. Ndi aneba anga a kuseri kwa mpanda, amasiye, amagulitsa tomato pa msika wa Nsungwi. Anawapeza ndi shuga zaka ziwiri zapitazo, anamwa mankhwala mwezi umodzi n'kuleka. Kiliniki imadya tsiku lathunthu, ndipo tomato sadikira munthu. Komanso mkulu wawo analowa m'chipatala ndi shuga n'kutuluka ndi mwendo umodzi, ndiye a Edna akangomva fungo la sipiriti amatembenuka. Amamwa madzi a nimu.

Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikudzibaya.

"Asisi, kameneka kamagwira magazi a anthu a ku mpoto okha?"

Ndinaseka, ndinawabaya. 21.4. Foni inafiira m'thumba mwanga.

Tinagawana sabata mmene timagawanira chingwe choyanikira zovala. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Lamulungu ine. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka iwo. Amatulutsa dzanja pa kampata ka mpanda, a Msowoya ali kubafa. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. "Akadziwa, adzanditenga ndi ambulansi ngati mkulu wanga." Ine ndinkati akamaona kufiira tsiku ndi tsiku adzachita mantha n'kupita okha ku kiliniki. Ayi ndithu. Amangoti, "Lero kwapsa kuposa tomato wanga," n'kusenza dengu.

Chimene sindinachiganize n'chakuti foni sidziwa chala cha munthu. Ku Kanengo tinkabweza belo lonse tikapeza kuti mlimi wasakaniza magiredi awiri. Ine, wosankha fodya wa zaka zonsezo, ndasakaniza anthu awiri m'belo limodzi.

Mu Sepitembala unabwera uthenga woti ndipite ku kiliniki. A Msowoya anandiperekeza. Anamwino ataona kufiirako anawonjezera gilibeni, awiri m'malo mwa mmodzi. Mumtima ndinati palibe kanthu, ndizingomwa mmodzi yemweyo. Ndinaiwala kuti ndinakwatiwa ndi ndani. A Msowoya amaima ndi kapu ya madzi, magalasi ali pamphuno, mpaka ndimeze onse awiri. Milungu itatu ndakhala ndikumwa mankhwala a matenda a Edna, eni ake akumwa nimu.

Ndikaulula, atilanda kamakina, poti ndinasaina kuti n'kanga ndekha. A Edna andida. A Msowoya nkhope igwa pamaso pa adokotala. Ndikapanda kuulula, manambala ofiirawo akhalabe opanda mwini, ndipo mwini wake ali pa msika, akuyenda nawo.

Ndikuchita mantha. Ndasiyira pomwepa.

Lamulungu, 13 Okutobala

M'mawa 6.4, masana 8.0.

Tsiku la alendo. Alamu anga anabwera ndi nthochi zophika ndi nyama. Anamwino anandilola ziwiri, zotsala zinayenda wodi yonse.

Cha m'ma 2 koloko anatulukira a Edna, atanyamula nkhwani wotendera m'kakontena. Aonda. Khosi latuluka. Amayenda mokoka mwendo wamanja, phazi atalikulunga ndi kansalu ka chitenje, silipasi atayidula lamba kuti lilowe.

"Mwatani mwendo?"

"Ndinaponda kamsomali ka bokosi la tomato, sabata yatha. Musadandaule asisi, sikupweteka n'komwe."

A Maness, amene ndinkayesa agona, anadzuka n'kukhala tsonga.

"Sikupweteka? Langanso silinkapweteka, mayi. Ndinayenda ndi munga masiku anayi osadziwa."

A Edna anasintha nkhani. Anandiuza za mtengo wa tomato, za mkazi wa kondakitala amene wathawa ndi wailesi, za nkhuku zanga zimene zikuikira kwawo. Ali mkati mofotokoza anamaliza botolo langa lonse la madzi, malita awiri, ndipo anapita kuchimbudzi kawiri ola lisanathe. Potsanzika anawerama ngati akukonza pilo.

"Simunanene?"

"Ayi."

"Ndinu m'bale wanga weniweni."

Mawu amenewo andilemera kuposa nthochi ndadya zija. Ndinawaonera pa windo akudutsa pansi pa jakaranda. Dzuwa linali lowala kwambiri, ndipo zinkaoneka ngati sakuponda pansi, akungochepa, akungochepa, mpaka anasanduka kadontho pa geti.

Lolemba, 14 Okutobala

M'mawa 6.6. Ayambitsanso metifomini, limodzi m'mawa limodzi madzulo. Impso zili bwino.

Dokotala Zulaikha anabwera a Msowoya alipo. Ananyamula zotsatira za kuyeza kuja kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu. 6.8.

"Magazi akuti shuga wanu wakhala bwino miyezi yonseyi. Foni ikuti theka la masiku munali pa 20 kupita m'mwamba. Awiriwa palibe amene amadziwa kunama." Anatembenuzira kompyuta ija kwa ife. "Onani. Kufiira konse kuli Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Masiku amenewa mumadya chiyani?"

A Msowoya ndiwo anayankha, akuwerenga pa zala ngati ali pa bwalo la mpingo. Lachiwiri nyemba. Lachinayi usipa. Loweruka nkhuku, ikakhalapo. Anafika mpaka pokayikira nyemba za ku Dedza zimene anagula okha. "Mwina ndine ndinalakwitsa, adokotala." Ndinawamvera chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali.

Dokotala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sinditulutsa munthu amene sindikumumvetsa. Ndibweranso Lachitatu, mawa ndi holide."

A Maness awatenga 11 koloko kupita ku thiyeta. Akuti akachotsa zala ziwiri. Andisiyira kafoni kawo, komangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. Kalira kawiri. Onse awiri amafunsa za kabichi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

M'mawa 6.2, masana 7.4. Tsiku la Anakubala.

Amayi a Umanyano a kumpingo kwathu anabwera atavala zoyera, anaimba pakati pa mabedi. Ndinatseka maso, mawu awo n'kuyambanso kupita tsidya la mtsinje, koma nthawi ino ndinagwira chitsulo cha bedi.

A Maness adzuka. Bulangeti lawo lagona pansi kuyambira pa bondo lamanzere. Ndinaliyang'ana kamodzi, maso anakana kachiwiri.

"Anati zala ziwiri," anatero. "Atatsegula anapeza lapita kale mpaka apa." Anasisita bulangeti pa bondo. "Chodabwitsa, phazi ndikulimvabe. Lili kudimba, likuponda mame. Lapita kuntchito osandidikira."

Ndinawabwezera kafoni kawo. Anakagwira osakayang'ana.

"Mnzanu wa tomato uja ndi wa shuga, eti? Musandibisire, ndinamuona mmene amamwera madzi. Ine ndinalibe wondiuza, mayi. Ku Njewa kulibe kamakina, kulibe foni yofiira. Ndinadziwa ndi fungo. Inu mukudziwa, ndipo mwakhala pa bedi."

Analibe mwano, amangonena.

Masana kunatentha kwambiri, ndinasinza. Ndinabwereranso m'shedi muja. Mabelo amabwera pa lamba, ine ndikutsegula limodzilimodzi. Onse anali ndi masamba abwino. Lomaliza nditatsegula ndinapezamo silipasi imodzi, yodulidwa lamba. Ndinafunafuna inzake mpaka pansi pa belo, osaipeza.

Lero ndi Lachiwiri, tsiku lawo. M'mawa uno dzanja silinatuluke pa mpanda, ndipo palibe amene akudziwa nambala yawo, ngakhale foni. Ndakhala ndikudziuza kuti ndikusunga chinsinsi cha mnzanga. Zoona zake ndikusunga nkhope yanga.

Mawa.

Lachitatu, 16 Okutobala

M'mawa 6.0.

Ndanena. Ndinadikira a Msowoya afike kaye, kuti ndisanene kawiri.

"Adokotala, nyemba zilibe mlandu. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka si ine."

Ndinafotokoza zonse, za kampata ka mpanda, za nimu, za msomali. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sukulu. Ngakhale amene amakolopa anaima kumvetsera.

Dokotala Zulaikha anakhala pa bedi langa, chinthu chimene sanachitepo.

"Mukanafa, Mayi. 2.1 si nthabwala. Mukanagwera kubafa muli nokha, bwenzi tikunena zina." Anapukusa mutu. "Ndinu achitatu chaka chino. Ku Mgona kamakina kamodzi kankayeza banja lonse ndi alandilodi omwe. Amene anapanga apu imeneyi ankayesa kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi. Sanakhaleko kuno. Kamakina sindikulandani, si kanga, koma eni ake ndiwalembera, amve kuti amene anawasiya pa benchi aja akulowera pa windo."

Kenako anatsegulanso manambala aja, ofiira okhaokha. 22, 24, 21, 26.

"Miyezi isanu. Ndipo ali ndi bala kuphazi. Ali kuti mayi ameneyu?"

"Pa msika wa Nsungwi."

"Ndikumufuna lero. Osati mawa."

A Msowoya nthawi yonseyi anali chilili, magalasi ali m'manja. Sanandiyang'ane. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika. Zaka makumi atatu ndi zinayi m'banja, sanachokepo osatsanzika. Ndinalira, osabisa. A Maness anandiponyera kansalu.

Masana 7.7. Sindinadye.

Cha m'ma 3 koloko ndinamva kukwekwereza kwa silipasi pakhonde la wodi. A Msowoya patsogolo, thukuta lili kamukamu m'jekete, a Edna pambuyo, epuloni ya pa msika ikadali m'chiuno. Pambuyo pake a Msowoya anandiuza mmene zinayendera. Anakaima pa benchi la tomato, a Edna n'kukana katatu. Ndiye anati, "Mayi, ine ndamwetsa mkazi wanga mankhwala anu milungu itatu, ndi dzanja langali, mpaka anatsala pang'ono kufa. Lero mukamwa anu." Anakhala pa bokosi n'kunena kuti sachoka. Amayi a pa msika anayamba kusonkhana, ndipo a Edna, amene amaopa maso a anthu kuposa jakisoni, anasiyira tomato mnzawo wa anyezi n'kukwera minibasi.

Atawabaya, makina a mu wodi anakana kutchula nambala. Anamwino akuti shuga wapyola pamene makinawo amalekezera kuwerenga. Dripi, insulini, mankhwala a bala kudzera mumtsempha. Atamasula kansalu kaja ndinamva fungo, a Maness n'kutseka maso.

Mabedi adzaza. A Edna awayalira matiresi pansi, pakati pa ine ndi windo. Atembenukira kukhoma. Mawu amene andiuza ndi amodzi okha: "Munalumbira."

A Msowoya pochoka anaima kumiyendo kwa bedi.

"ANyaHarawa, mukanandiuza."

Maso awo anali ofiira. Si mkwiyo ayi. Akudziimba mlandu chifukwa cha kapu ya madzi ija, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa akanandikalipira. Lero atsanzika.

Lachinayi, 17 Okutobala

M'mawa 6.3. Anditulutsa. Metifomini yekha, limodzi m'mawa limodzi madzulo. Gilibeni ayi. Kiliniki pakatha milungu iwiri.

Dokotala wa mabala anabwera 9 koloko kudzaona phazi la a Edna. Analitsuka, analidina uku ndi uku, akufunsa ngati akumva. Akuti chala chaching'ono mwina chipita, aona Loweruka, koma phazi likhala. "Mukanachedwa sabata imodzi, bwenzi tikukambirana za bondo." A Maness anaomba m'manja kamodzi, okhaokha.

Bedi langa apatsa a Edna. Anasintha nsalu, anachotsa khadi langa kumiyendo n'kupachika lina. Mwana wawo ali ku Joni, kuno alibe wowadikirira. Ndauza a Msowoya kuti m'malo mwa takisi abweretse mkeka, beseni ndi foni yanga. Analemba pa kapepala. Ndiye ndatsika pa bedi n'kukhala pansi pomwe anagona a Edna dzulo. Kuchokera pano jakaranda akuoneka nsonga yokha, ndipo denga lasiya kuyenda.

M'mawa wonse a Edna sanandilankhule. Ndinawapatsa madzi, analandira osandiyang'ana. Ndinawakonzera pilo, anangosuntha mutu. Ndinati mumtima, andide, bola andide ali ndi miyendo iwiri.

12 koloko anamwino anabwera ndi makina. A Edna anatulutsa dzanja m'bulangeti mmene amalitulutsira pa mpanda, chala chapakati chili patsogolo, nkhope ili kumbali. Nambala inatuluka. Anamwino anailemba pa khadi n'kupita kwa a Maness.

Kenako a Edna, akuyang'anabe ku windo:

"Lero n'lachingati?"

"Lachinayi."

"Ndiye ndi tsiku langa ndithu."

Ndinatulutsa kope langa.

"Lembanitu m'kope mwanumo, asisi. Koma mulembe dzina langa, angakumwetseninso za eni."

Edna Malunga, Lachinayi masana: 17.2.

Kwafiira, koma tsopano kuli ndi mwini wake.